Dzina la pa Nambala 9

1. Kalata ya mkonzi

Anzake a ku yunivesite ankamutcha Kadontho. Dzinali analipeza chifukwa sankalola kuti kadontho kasowe pamene kayenera kukhala. Mnzake akamubwereka kope, linkabwerera kwa mwiniwake litakonzedwa ndi pensulo, ngakhale sanapemphedwe.

Kadontho anali m'chaka chomaliza. Kwa miyezi isanu ndi itatu anakhala akuyeza madzi a m'zitsime motsogoleredwa ndi Pulofesa wa dipatimenti yawo. Zimene anapeza zinalembedwa m'pepala loti lisindikizidwe m'magazini ya asayansi.

Pamwamba pa pepalalo panali mayina awiri, la Pulofesa poyamba, lake pambuyo. Dzina lachiwirilo ndi limene ankadalira. Sukulu ya kunja imene inamusungira malo a digiri yachiwiri inanena mosabisa kuti ikufuna kuona dzina lake pa pepala lovomerezedwa mwezi usanathe. Popanda zimenezo, malowo apita kwa wina.

Lolemba m'mawa Pulofesa anamuitanitsa ku ofesi. Anawapeza ali kuseri kwa mulu wa mafayilo, akutakasa tiyi ndi chivindikiro cha cholembera.

"Khala pansi, mtsikana. Mkonzi wa magazini ija wayankha. Sayansi yathu aikonda, koma akuti malifalensi sitinalembe mmene iwo amafunira. Atipatsa mpaka Lachisanu masana. Ine maso anatha, zimenezi ndi zako."

Malifalensi ndi mndandanda umene umakhala kumapeto kwa pepala, wotchula mabuku ndi mapepala a anthu ena amene wolemba watsamirapo. Anthu ambiri sauwerenga. Nawonso Pulofesa anali asanauwerengepo, ngakhale dzina lawo ndi limene linali pamwamba.

2. Ntchito ya manja

Kadontho anasindikiza malamulo a magaziniyo, masamba anayi, n'kukakhala nawo pa kompyuta ya m'chipinda cha ophunzira. Malamulowo anali okhwima ngati a sukulu yogonera komweko.

M'kati mwa nkhani sankafuna mayina a olemba ndi zaka, koma manambala a m'mabulaketi. Buku loyamba kutchulidwa likhale 1, lotsatira 2, choncho mpaka kumapeto. Pa mndandanda, dzina la bambo liyambe, kenako zilembo zoyamba za mayina enawo, popanda madontho. Olemba akapitirira asanu ndi mmodzi, otsalawo amezedwe ndi kachidule kamodzi. Dzina la magazini lifupikitsidwe, kenako chaka, voliyumu ndi masamba.

Pulogalamu imene imasanja zonsezi yokha inali itafa kalekale pa kompyutayo, ndipo akuluakulu analibe nazo ntchito chifukwa ovutika anali ophunzira. Choncho Kadontho anasanja ndi manja, nambala imodziimodzi. Pofika Lachitatu masana anali ndi malifalensi 41, onse ali pa mzere.

Pa nambala 9 panagwera lipoti la amalume ake.

Amalumewo, mlongo wawo wa mayi ake, ndi amene anamulera kuyambira ali Fomu 1. Anali tekinishani wa mu labu ya dipatimenti yomweyo kwa zaka 26. Ankatsuka mabotolo, kusakaniza mankhwala, ndi kuphunzitsa ophunzira ndi manja zimene aphunzitsi ankangonena ndi pakamwa.

Zaka makumi awiri zapitazo amalumewo anapeza njira yoyezera madzi kumalo kopanda magetsi. Anapanga kabokosi ka matabwa kodzaza utuchi, kokhala ndi botolo la madzi ofunda pakati, kuti timabotolo toyezedwa tisazizire. Anayesa kambirimbiri mpaka zinatheka. Kenako analemba lipoti la masamba 14 pa taipi, dipatimenti inadinda chidindo, lipotilo n'kukagona ku laibulale.

Patatha zaka zisanu, Pulofesa anasindikiza pepala la njira yomweyo. Kabokosi kanali komweko, utuchi womwewo, koma dzina la tekinishani munalibe. Pepala limenelo ndi limene linali pa nambala 8.

Madzulo a Lachitatu, atatha kudya, Kadontho anayala mndandandawo patebulo.

"Amalume, tavalani magalasi. Werengani pa naini."

Amalume anatsatira ndi chala. Atafika pa dzina lawo anaima, n'kuliwerenganso motulutsa mawu, ndi chaka chomwe, ndi masamba omwe.

"Iwe mwana, ndiye kuti zimenezi ziwerengedwa ndi anthu a kunja?"

"Aliyense amene atsegule magaziniyo."

"Akazi anga, tabwerani mudzaone. Munkati munakwatiwa ndi wotsuka mabotolo."

Azakhali anatuluka ku khitchini akupukuta m'manja. "Ndiye tizikutchani chiyani tsopano, a Naini? Mbale muzitsukabe, musaganize kuti mwapulumuka."

Onse anaseka. Amalume anapempha kuti pepalalo likhale lawo, ndipo analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la malaya.

3. Cholembera chofiira

Lachinayi m'mawa Kadontho anapereka ntchito yake kwa Pulofesa. Kwa nthawi yoyamba, Pulofesa anawerenga mndandandawo. Ankagwedeza mutu movomereza mpaka pa nambala 8. Pa 9 mutuwo unasiya kugwedezeka.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi lipoti la kabokosi kaja, Pulofesa."

"Ndikulidziwa. Ndikufunsa kuti likutani pano."

"Linaliponso pa pepala limene tinatumiza poyamba lija."

"Ndiye kuti unalilowetsa mozemba."

"Ayi, Pulofesa. Malamulo a magazini akulola malipoti. Pa tsamba lachitatu alemba ngakhale mmene tingalembere."

Pulofesa anavula magalasi.

"Ukundiwerengera malamulo ine? Njira imeneyi dziko limaidziwa kudzera m'pepala langa, ndipo lili kale pa 8. Zimene analemba amalume akozo ndi zolembalemba za mu labu. Tikayamba kutchula aliyense wotsuka mabotolo, mawa titchulanso mlonda wa pageti."

Anatenga cholembera chofiira n'kudula mzere pa nambala 9, kuchokera ku dzina mpaka ku masamba.

"Ndikuuze chinthu chimodzi, chifukwa ndimakukonda ngati mwana wanga. Pepala ili lingathe kupita ndi dzina limodzi pamwamba. Ophunzira ambiri timangowatchula m'kandime kothokoza kumapeto. Koma sukulu yako ya kunja ija siwerenga kandime kothokoza. Ukaganize bwino. Mawa masana pepala lipite, ndipo utumize ndiwe."

Kadontho anatola mapepala ake. Anati zikomo, ngakhale panalibe chothokozera.

4. Ku laibulale

Sanabwerere ku kompyuta. Anapita ku laibulale n'kupempha lipoti la amalume ake, ngati kuti likhoza kukhala litasintha.

Amayi a ku laibulale anali okalamba, otsala pang'ono kupuma pa ntchito. Ndi iwo amene analandira lipotilo zaka makumi awiri zapitazo n'kulipatsa nambala ya pa shelefu. Analibweretsa, koma asanalisiye anaona mzere wofiira pa pepala limene Kadontho anagwira.

"Wadula ndani apa?"

Kadontho anatembenuza pepalalo kuti mzerewo usaoneke.

"Usavutike, cholemberacho ndimachidziwa. Takhala pansi, mwana wanga, ndikuuze mawu, ukawataya ndi zako."

Anakoka mpando n'kutsitsa mawu.

"Inu ana mumaganiza kuti mndandanda wa kumapetowu ndi zokongoletsa, zongoti madontho ndi mabulaketi zikhale bwino. Si choncho. Pamenepa ndi pamene wolemba amanena zoona za kumene anatenga nzeru zake. Munthu wina akafuna kutsatira ntchito yako, amayambira pamenepa. Ukachotsapo dzina la munthu amene unagwiritsa ntchito nzeru zake, wanamiza aliyense amene adzawerenge, ndipo bodza losindikizidwa silifufutika ndi labala.

"Ine ndakhala muno zaka makumi atatu. Ndaona malipoti a anthu ang'onoang'ono akudyedwa ndi njenjete pa shelefu, pamene nzeru zawo zikuyenda pa ndege m'chikwama cha wina. Amalume ako sadzakwezedwa pa ntchito chifukwa cha kamzere kameneka. Sadzapatsidwa chilichonse. Koma ndi malo okhawo pa dziko lonse pamene padzalembedwe kuti kabokosi kaja anaganiza ndi iwo. Ukachotsa iwe, palibe wina adzabwezeretse.

"Ndikudziwa kuti wakuopseza. Amaopseza onse. Koma mvetsa ichi. Munthu amene akukutuma kuti ufufute dzina la mnzake, tsiku lina adzafufuta lako, ndipo sadzachita kutuma munthu. Ngati akufunadi kuti lipotili lichoke, umuuze akulembere kalata, asayine. Uona ngati alembe. Akakana, pita kwa mkulu wa dipatimenti, ine ndikuperekeza. Ndatsala ndi miyezi itatu, sangandichite kanthu."

Kadontho anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Amayi, inu mwatsala ndi miyezi itatu. Ine ndatsala ndi tsiku limodzi. Mkulu wa dipatimenti ndi mnzawo wa Pulofesa, amakwera galimoto imodzi. Nkhaniyi ikafika kumeneko, Lachisanu lidutsa, malo anga apita. Amalume anandiphunzitsa sukulu kuti ndipite patsogolo. Iwonso sangafune kuti nditaye mwayi chifukwa cha mzere umodzi."

"Wawafunsa?"

"Ayi."

"Ndiye usawayankhire. Labu ili apa, masitepe khumi okha. Pita ukawafunse."

Kadontho anabweza lipotilo n'kutuluka. Pakhomo la labu anadutsa mofulumira, nkhope ili kumbali.

5. Lachisanu

Tisanamizane kuti dzanja linangotsetsereka. Kuchotsa dzina pa mndandanda wa manambala si ntchito yodina batani limodzi.

Kadontho atafufuta nambala 9, panatsala dzenje. Magazini salola dzenje. Nambala 10 inayenera kukhala 9, 11 kukhala 10, mpaka 41 kukhala 40. Amenewo ndi malo 32 pa mndandanda pokha. Kenako anayenera kubwerera m'nkhani yonse, tsamba ndi tsamba, kusaka bulaketi lililonse ndi kuchotsera imodzi. Anapeza malo 68.

Ntchitoyi inamutengera maola atatu. Pa nambala iliyonse akanatha kuima. Ali pakati, amalume anasuzumira pakhomo atanyamula thireyi ya mabotolo.

"Ukulimbana nazobe? Usaiwale kudya, iwe."

"Ndatsala pang'ono, amalume."

Anawasekerera, iwo n'kupitirira. Iye anabwerera pa 23 n'kumusandutsa 22.

Pamene panalembedwa kuti njira ya kabokosi inafotokozedwa kale, panali manambala awiri, 8 ndi 9. Tsopano panatsala 8 yekha, ndipo chiganizocho chinkawerengeka bwinobwino ngati sichinakhalepo ndi mnzake. Zimenezi ndi zimene zimawawa kwambiri, kuti ntchito yoipa yochitidwa mwaluso sioneka chipsera.

Itangotsala pang'ono kukwana 12 koloko, anatumiza pepalalo kwa mkonzi. Kenako anadina kuti asindikize kope la Pulofesa. Makina a m'chipinda cha ophunzira analibe inki, ndiye kompyuta inatumiza mapepalawo kumene inkatumiza nthawi zonse zikatero, ku makina a mu labu.

Kadontho atakumbukira, anathamanga. Anapeza amalume ataima pafupi ndi makinawo, magalasi ali pamphuno, tsamba lomaliza lili m'manja.

Ankatsatira ndi chala. Anayamba pa 1 mpaka pa 40. Atafika kumapeto anabwerera pa 1, n'kutsikanso pang'onopang'ono. Kenako anatembenuza pepalalo kuti aone kuseri. Kuseri kunalibe kanthu.

"Amalume, ndikufotokozereni."

"Latumizidwa?"

"Eya, koma Pulofesa..."

"Ndafunsa ngati latumizidwa."

"Latumizidwa."

Amalume anasanja mapepalawo, kuwagogoda patebulo kuti alingane, n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Madontho onse ali m'malo mwake. Wagwira ntchito yaukhondo."

Anatembenukira ku sinki n'kutsegula mpopi.

6. Yankho

Loweruka ndi Lamlungu m'nyumba munali zii. Azakhali anali atauza kale anthu oyandikana nawo nyumba kuti amuna awo atuluka m'buku la kunja, ndipo tsopano ankadutsa kuseri kuti asafunsidwe. Chakudya ankamuikira Kadontho patebulo monga mwa nthawi zonse. Palibe anamukalipira, ndipo iye ankalakalaka akanamukalipira.

Lolemba m'mawa anatsegula kompyuta akuyembekeza mawu amodzi okha, akuti pepala lavomerezedwa. Anapeza makalata awiri.

Yoyamba inali ya mkonzi. Inati iwo anangopempha kuti kalembedwe ka malifalensi kakonzedwe, osati kuti ena achotsedwe. Pepala loyamba linali ndi 41, latsopanoli lili ndi 40. Mmodzi mwa ounika pepalalo anali ataitanitsa lipoti la kabokosi lija, ndipo anaona kuti ndi lakale kuposa pepala la pa nambala 8. Choncho pepala laimitsidwa mpaka olemba afotokoze amene anachotsa lipotilo ndi chifukwa chake.

Kalata yachiwiri inali yankho la Pulofesa kwa mkonzi, ndipo Kadontho anangopatsidwa kope. Pulofesa, amene ankatha sabata asanayankhe kalata ya wophunzira, ulendo uno anayankha pasanathe ola.

Analemba kuti adabwa kwambiri ndipo achita manyazi. Malifalensi onse anasanja ndi wophunzira wawo, ndipo ndi iyeyo amene anatumiza pepalalo. Lipotilo libwezeretsedwa msanga, chifukwa tekinishani amene analilemba ndi munthu amene amamulemekeza kwambiri. Za wophunzirayo, apempha dipatimenti kuti ikumane Lachitatu, ione ngati dzina lake likuyenera kukhalabe pa pepala.

Kadontho anasanthula m'chikwama kufuna tsamba lija lodulidwa ndi cholembera chofiira. Analipeza. Panali mzere chabe, wopanda dzina, wopanda tsiku. Cholembera chofiira aliyense ali nacho.

Anapita ku ofesi ya Pulofesa, koma inali yokhoma. Anaima pakhonde kwa kanthawi. Kenako anayenda masitepe amene anakana kuyenda Lachinayi, n'kugogoda pa labu.

Amalume anali akulemba manambala pa timabotolo. Sanadzutse mutu.

"Ophunzira amayamba alemba dzina m'buku la pakhomo."

Kadontho anali asanalembepo m'bukulo chiyambire. Anatenga cholembera chomangiriridwa ku chingwe n'kulemba dzina lake, ndi nthawi yomwe.

"Amalume, dzina lanu alibwezeretsa."

"Ndamva. Pulofesa anabwera okha m'mawa uno kudzandigwira chanza. Zaka 26, lero ndi pamene ndadziwa kuti dzanja lawo ndi lofewa."

"Akufuna kuchotsa langa. Akuti ndinachita ndekha. Inu mukudziwa kuti anandituma ndi iwo."

Amalume anavindikira kabotolo, kukaika pa mzere ndi tinzake, ndipo kenako anamuyang'ana.

"Ukanabwera Lachinayi, ndikanakuuza ndekha kuti chotsa, mwana wa mlongo wanga, pita ukaphunzire, ine ndinazolowera. Ndikanakuthandiza ngakhale kuwerenga manambalawo. Koma unandisekerera pakhomo paja uli pakati pondifufuta."

Kadontho anayang'ana pansi.

"Nanenso andiitana Lachitatu," anatero amalume. "Akuti ndikanene zimene ndikudziwa."

"Ndiye mukanena chiyani?"

"Zimene ndinaona ndi maso anga. Lachitatu lapitali dzina langa linalipo, Lachisanu panalibe. Amene anakutuma sindinamumve. Amene anasintha manambalawo ndinamuona."

Anatenga kabotolo kena n'kuyamba kulembapo.